DZIRA LA M'MAWA KWA MWANA WANU

Nkhani ya kwa amayi a ku sikelo ya ana m'maesiteti a tiyi ku Thyolo

 Ndikuthokozani chifukwa mwasiya ntchito zanu ndi kubwera ndi ana kuno ku sikelo. Ena mwa inu mwachita kupempha chilolezo kwa akapitawo, ndipo ena mwayenda mtunda wautali mwana ali kumsana. Motero sindikuchedwetsani ndi nkhani zambiri. Lero tikambirana chinthu chimodzi chokha, ndicho chakudya cha m'mawa cha mwana wamng'ono, makamaka dzira lokazinga ndi msuzi wa matimati.

CHIFUKWA CHAKE TIKUNENA ZA M'MAWA

Inu amene mumathyola tiyi mudziwa kuti ntchito imakula mvula ikagwa. Kuyambira mwezi wa Disembala kufikira mwezi wa Epulo tiyi amaphuka msanga, ndipo mayi amalawirira kumunda kusanache bwino nakabwerako dzuwa litapendeka. Miyezi yomweyo ndiyo ya njala, pamene chimanga chatha m'nyumba ndipo mtengo wake wakwera pamsika. Ndiyonso miyezi imene malungo ndi kutsegula m'mimba zimachuluka. Chotero nthawi imene mwana afuna chisamaliro chochuluka ndiyo nthawi imene mayi ali ndi mpata wochepa.

Kawirikawiri mwana wotsala pakhomo amalandira tiyi wa shuga ndi kachidutswa ka mbatata kapena chinangwa, mwinanso phala lamadzimadzi la ufa woyera. Akatero amadikira nsima yamadzulo. Mwanayo salira, pakuti m'mimba mwadzaza, koma thupi lake silinalandire chomangira. Mimba ya mwana wa chaka chimodzi ndi yaing'ono, ndipo siilandira zoposa kapu imodzi pa nthawi imodzi. Tikaidzaza ndi tiyi, malo a chakudya atha. Ndiponso tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'chakudya, amene ndiye amapanga magazi. Tiyi ndi wabwino kwa akulu ndipo ndiye amatipatsa ndalama, koma si chakudya cha mwana.

Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti m'Malawi muno ana 37 mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndiko kunena kuti anali aafupi poyerekeza ndi zaka zawo. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyamba a moyo, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mwana wopinimbira amadwaladwala, amachedwa kugwira za kusukulu, ndipo zimene wataya pa zaka ziwirizi n'zovuta kuzibweza atakula. Akulu anati m'mera mpoyamba. Inu mumadziwa kuti makilo a tiyi amene kalaliki amalemba madzulo amachokera pa ntchito ya m'mawa. Makilo amene timalemba m'kabuku ka mwana nawonso amayamba ndi mbale ya m'mawa.

CHIMENE CHIRI M'DZIRA

Taganizani za nkhuku imene yafungatira. Pakapita masiku 21, m'dzira mumatuluka mwanapiye wamaso, wamafupa, wamagazi ndi nthenga zomwe, woyenda yekha. Palibe amene anampatsa chakudya ali m'katimo. Zonse zomangira thupi lake anazipeza m'dzira momwemo. Zimenezo ndizo mwana wanu amalandira akadya dzira.

Dzira limodzi lolemera magalamu 50 liri ndi magalamu 6 a zomanga thupi, zimene achipatala amati mapuloteni. Mazira a nkhuku zathu zachikuda ndi ocheperako, koma ubwino wake ndi womwewo. M'chachikasu cha dzira muli mafuta opatsa mphamvu, vitamini A woteteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda, vitamini B12 wothandiza magazi ndi mitsempha, vitamini D wolimbitsa mafupa, ndi chakudya china chotchedwa kolini chimene chimathandiza ubongo wa mwana pokula. Chifukwa chake musampatse mwana choyera chokha. Mpatseni dzira lonse.

Komabe dzira liribe vitamini C, ndipo palokha silikhutitsa. Ndicho chifukwa chake tikuliphika ndi matimati ndi masamba, ndi kulidyera pamodzi ndi phala kapena mbatata. Unduna wa Zaumoyo umatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Onani tsono mbale imene tiphike lero. Phala kapena mbatata ndi zokhutitsa. Dzira liri m'gulu la zanyama. Nsinjiro ziri m'gulu la zanyemba. Matimati ndi nkhwani ndi zamasamba. Mafuta ophikira ndi zamafuta. Mukaonjezapo nthochi kapena papaya, magulu onse akwana mayi asanasenze dengu.

M'chaka cha 2023 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wa miyezi 6 kufikira miyezi 23 azidya nyama, nsomba kapena dzira tsiku liri lonse. Mwa zitatuzi, dzira ndilo losavuta kwa ife. Limagulidwa limodzilimodzi, silifuna kuzinga nkhuku, limapsa ndi nkhuni zochepa, ndipo mwana wopanda mano akhoza kulidya.

Akatswiri ayesapo kupatsa ana dzira limodzi tsiku liri lonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. M'dziko la Ecuador, ku South America, anayesa m'chaka cha 2015, ndipo kupinimbira kunachepa pafupifupi ndi theka pakati pa ana amene ankadya dzira. Kuno kwathu anayesa ku Mangochi kuyambira m'chaka cha 2018, pa ana 660, ena olandira dzira ndi ena osalandira. Kumeneko msinkhu wa ana a magulu awiriwo sunasiyane kwenikweni, ndipo akatswiriwo anaona kuti ana ambiri a kunyanjako ankadya kale nsomba. Phunziro lake kwa ife ndi ili: dzira si mankhwala ogwira ntchito paokha. Limathandiza koposa mwana amene sapeza nsomba kapena nyama kawirikawiri, ndipo liyenera kuyendera limodzi ndi bere, zakudya zina, ukhondo ndi katemera.

ZIMENE TINAMVA KWA MAKOLO

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti mwana asadye mazira. Ena amati adzadwala khunyu. Ena amati akazolowera mazira adzayamba kuba m'zisa za nkhuku za eni. Ena amati mayi woyembekezera akadya dzira adzabala mwana wopanda tsitsi. Makolo athu sanali opusa, ndipo sanali odana ndi ana. Nkhuku inali chuma cha banja, yolandirira mlendo ndi yolipirira mlandu, motero anafuna kuti mazira onse aswedwe anapiye. Lamulo lija linateteza khola. Lero tikudziwa kuti mwana ndiye amene ankataya.

Dzira siliyambitsa khunyu. Mwana wamng'ono amakomoka kawirikawiri chifukwa cha kutentha thupi kwambiri, makamaka ndi malungo. Khunyu ndi matenda a muubongo, amene akhoza kudza mwana akavulala pobadwa kapena akadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Tsitsi la khanda limatengera kumtundu. Alipo ana obadwa ndi tsitsi lambiri ndi ena obadwa ndi lochepa, ngakhale amayi awo anadya zofanana. Kunena za kuba, mwana wokhuta amene amalandira dzira lake m'mbale alibe chifukwa chokalifunira kuchisa.

Ngati pakhomo panu pali agogo kapena apongozi amene akukayika, musakangane nawo. Iwo ndiwo amatsala ndi mwana inu mukapita kumunda, ndipo popanda iwo simungathe. Afotokozereni mwaulemu, aonetseni mzere wa m'kabuku ka mwana, ndipo mwezi wamawa mubwere nawo kuno kuti tidzakambirane pamodzi.

Inunso amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, idyani mazira ophika bwino. Mayi amene amaima tsiku lonse m'munda dengu liri kumsana, namayamwitsanso usiku, afunika zomanga thupi zoposa za masiku onse.

KUSANKHA NDI KUSUNGA MAZIRA

Pogula, kaya ndi ku Bvumbwe, ku Thunga, ku Makwasa, ku Luchenza kapena pa kagolosale ka pafupi, sankhani mazira a chigoba chosang'aluka ndi chopanda zitosi. Tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timalowera pa mng'alu. Pewani mazira amene akhala padzuwa tsiku lonse.

Ngati mukukayika, ikani dzira m'kapu ya madzi. Latsopano limamira n'kugona pansi. Lokhalitsa limaimirira. Loyandama pamwamba litayeni. Dzira limene mwaliyesa m'madzi liphikeni tsiku lomwelo.

Sungani mazira m'mbale kapena m'kadengu pamalo ozizira ndi amthunzi, kutali ndi moto, ndiponso pamene makoswe ndi ana sangafike. Musawatsuke powasunga, pakuti madzi amachotsa kachikuto kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba. Ngati dzira lada pang'ono, lipukuteni ndi kansalu kouma. Yambani kuphika amene munayamba kugula.

KAPHIKIDWE KAKE

Zimene nditchule pano zikwanira mayi ndi ana awiri aang'ono.

Mazira 3
Matimati akupsa 2
Anyezi wamng'ono 1
Masamba anthete a nkhwani kapena bonongwe odzaza dzanja limodzi
Supuni yaikulu 1 ya nsinjiro
Masupuni aakulu 2 a mafuta ophikira
Theka la kapu ya madzi aukhondo
Mchere pang'ono wokhala ndi ayodini

Mafuta a m'botolo kapena m'paketi yosindikizidwa ndiwo abwino, pakuti lamulo la dziko lino limati mafuta ophikira aziikidwa vitamini A. Asungeni pamthunzi, chifukwa dzuwa limaononga vitaminiyo.

1. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othira, osati a m'beseni losambamo anthu ambiri. Tsukani chiwaya kapena mphika, mpeni, mthiko ndi mbale.

2. Tsukani matimati, anyezi ndi masamba musanadule. Kenaka dulani tizidutswa ting'onoting'ono.

3. Swerani dzira liri lonse m'kapu palokha musanalithire pamoto. Mukatero dzira limodzi lovunda silingaononge anzake. Tayani zigoba, ndipo sambaninso m'manja.

4. Thirani supuni imodzi ya mafuta m'chiwaya pamoto wapakati. Mafuta atenthe koma asafuke utsi. Moto waukali umapsereza dzira kunsi pamwamba pali paliwisi.

5. Thirani mazira. Choyera chikalimba, patapita mphindi ziwiri kapena zitatu, tembenuzani. Dikirani kufikira chachikasu nacho chitalimba. Boolani ndi supuni kuti muone. Ngati chikuyenderera, dzira silinapse. Anthu ena akulu amakonda dzira lamadzi pakati, koma kwa mwana, mayi woyembekezera ndi munthu wodwala, dzira lotere n'loopsa, pakuti tizilombo totchedwa salimonela timafa pokhapokha dzira lonse litapsa. Ikani mazirawo m'mbale yoyera ndi kuvundikira.

6. Thirani mafuta otsala m'chiwaya chomwecho. Kazingani anyezi kufikira atafewa, koma asade. Onjezani matimati, ndipo takasani ndi mthiko kwa mphindi zisanu mpaka atasungunuka.

7. Sungunulani nsinjiro m'madzi aja ndi kuthira m'chiwaya pamodzi ndi masamba. Vundikirani, ziwire mphindi zisanu, mukutakasa mwa apo ndi apo kuti nsinjiro zisagwire pansi. Musathire soda kapena chidulo, pakuti zimaononga mavitamini a m'masamba.

8. Bwezerani mazira mumsuzimo, awire mphindi ziwiri kuti msuzi ulowerere.

9. Patulani gawo la mwana wosakwana chaka musanathire mchere. Otsalawo thirani mchere pang'ono. Tsabola ndi wa akulu, ndipo ali yense adzithirire m'mbale mwake.

Ntchito yonseyi siipitirira mphindi makumi awiri. Kuti m'mawa musachedwe, konzerani madzulo nkhuni zouma, madzi ndi ziwiya zotsuka. Mukadzuka yambani mwatereka phala kapena mbatata, ndipo zikamapsa muzidula matimati. Pokazinga, mwana wokwawa akhale kutali ndi mafuwa kapena mbaula, ndipo chogwirira cha chiwaya chiloze kumene mwana sangachikoke. Mafuta otentha amasiya zipsera za moyo wonse.

KADYETSEDWE MONGA MWA MSINKHU

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Asalandire dzira, phala, tiyi, ngakhale madzi.

Wa miyezi 6 kufikira 8: nyenyani dzira ndi msuzi mpaka zisalale, ndipo sakanizani ndi phala la mgaiwa lolimbirako, losayenderera pasupuni. Yambani ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu, ndipo onjezerani pang'onopang'ono kufikira theka la kapu. Adye kawiri kapena katatu pa tsiku.

Wa miyezi 9 kufikira 11: dulani dzira tizidutswa ting'onoting'ono toti akhoza kutola ndi zala. Adye theka la kapu, katatu kapena kanayi pa tsiku, ndi kachipatso pakati.

Wa chaka chimodzi kufikira ziwiri: adye dzira lathunthu ndi msuzi, pamodzi ndi phala, mbatata kapena nsima. Chakudya chake chiyandikire kapu yodzaza, katatu kapena kanayi pa tsiku, ndi zotolatola monga nthochi kapena peyala kamodzi kapena kawiri.

Pitirizani kuyamwitsa kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Myamwitseni musananyamuke, mukangobwerako, ndi usiku.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Akamadyera limodzi ndi akulu ake, dzira limatha iye asanatole kachiwiri. Musambitseni m'manja ndi sopo, khalani naye pansi, mulankhuleni, ndipo musamkakamize. Akakana lero, yesaninso mawa, pakuti mwana amazolowera chakudya chatsopano atachilawa kangapo.

Alipo ana owerengeka amene thupi lawo siligwirizana ndi mazira. Chifukwa chake tsiku loyamba mpatseni pang'ono, ndipo likhale tsiku limene inu muli pakhomo, monga Lamulungu. Mukaona zidzolo zoyabwa, kutupa kwa milomo kapena zikope, kapena kusanza atangodya, lekani kumpatsa ndipo mubwere naye kuchipatala. Ngati akubanika, thamangani naye nthawi yomweyo. Kuchedwetsa dzira mpaka mwana atakula sikumteteza ku vuto limeneli.

TSIKU LOSOWA NTHAWI KAPENA NDIWO

Alipo masiku amene mvula yagwa usiku wonse, nkhuni zanyowa ndipo nthawi yatha. Tsiku lotere swerani dzira m'phala likuwira, ndi kutakasa kwa mphindi zitatu kapena zinayi mpaka dzira litapsa. Thiranimo kasupuni ka mafuta kapena nsinjiro. Phala limeneli liposa kutali phala lopanda kanthu.

Ngati mwana akali m'tulo pamene inu mukunyamuka, musamsiyire dzira lokazinga kuti adye masana. Chakudya chophika chikakhala maola oposa awiri pamalo ofunda, tizilombo timaswana m'menemo ngakhale fungo lisanasinthe. M'malo mwake wiritsani dzira ndi chigoba chake kwa mphindi khumi madzi atayamba kuwira, ndipo mulisiye losasenda kwa amene akutsala ndi mwana. Iye adzasambe m'manja, asende, anyenye ndi kumdyetsa mwana akadzuka. Ngati mwasiya msuzi kapena phala, muuzeni kuti atenthetse mpaka ziwire, kenaka zizizire mbale iri yovundikira. Ngati wotsala ndi mwana ndi mwana mnzake, pemphani mayi woyandikana naye nyumba kuti aziyang'anira za pamoto ndi kuona kuti dziralo lalowadi m'kamwa mwa mwini wake.

Nthawi ya dzinja matimati amakwera mtengo, ngakhale ku Bvumbwe ndi kwa Goliati kumene amalimidwa kwambiri. Musaleke kuphika chifukwa cha chimenecho. Limodzi likwanira, ndipo likasowa, nyengo yomweyo ndiyo ya nkhwani, bonongwe, chisoso ndi kholowa. Otendera ndi nsinjiro, masamba amenewa amapanga msuzi wabwino wa dzira. Masamba othyola m'mbali mwa minda ya tiyi, kumene amapoperako mankhwala, musawaphike.

Tsiku limene dzira lasowa, sinjani usipa kapena matemba okazinga ndi mitu yomwe, ndi kuthira ufa wake m'phala kapena mumsuzi. Ngumbi zokazinga bwino ndi kusinja nazonso ziri m'gulu la zanyama. Nandolo, nyemba ndi khobwe zophika mpaka kufewa zimathandiza. Mkaka wa ng'ombe, umene alimi ambiri a m'boma lino amakama, uwiritseni musanauthire m'phala.

MMENE TINGAPEZERE MAZIRA

Mwina wina akuti mumtima mwake, "Zonsezi n'zabwino, koma ndalama ziri kuti?" Funso limeneli n'loona. Malo olima kuno ku Thyolo ndi ochepa, malipiro amatha mwezi usanathe, ndipo si banja liri lonse lingathe kugula dzira tsiku ndi tsiku. Ngati simungathe masiku onse, yambani ndi katatu pa sabata. Ngati dzira ndi limodzi ndipo ana ndi awiri, ligaweni, koma wosakwana zaka ziwiri ayambe ndiye.

Tsiku lolandira malipiro, patulani ndalama ya mazira musanagule zina. Ndalama imene imapita ku zakumwa zotsekemera, mabisiketi ndi tokhwasula ta m'mapaketi ikhoza kugula dzira, ndipo zinthu zimenezo zimangopha njala ya mwana osammanga thupi. Kambiranani ndi abambo a kunyumba. Mwambo wakuti ndiwo yabwino ipite m'mbale ya abambo unayamba ndi ulemu, koma bambo wokonda banja lake akamva chifukwa chake sadzakana kuti dzira lipite kwa mwana. Thupi la bambo linakula kale, pamene la mwana likumangidwa tsopano.

Amene muli ndi nkhuku, mverani izi. Nkhuku yachikuda imaikira mazira 10 kufikira 15 isanayambe kufungatira, koma siifunditsa bwino onsewo. A m'mbali amazizidwa n'kuvunda, ndipo amatayika chabe. Isiyireni 8 kapena 10, otsalawo mutenge akali atsopano, nkhuku isanawakhalire. Mukatero khola silichepa ndipo mwana wadya. Nkhuku zakuda za Mikolongwe, zimene dzina lake linachokera ku malo a boma oswetsera ziweto ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, zimaikira mazira ochuluka kuposa zachikuda zikamadyetsedwa bwino.

Mdani wamkulu wa nkhuku ndi chitopa, chimene chimatha khola lonse m'masiku ochepa. Katemera wake, wotchedwa I-2, ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iri yonse, miyezi inayi iri yonse. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu, ndipo gwirizanani amayi angapo kuti botolo limodzi likwanire makola ambiri. Nkhuku yofa yokha musadye. Ikwirireni mozama.

Monga woyang'anira zaukhondo ndiyenera kuonjezapo chenjezo. Nkhuku zisagone m'nyumba mogona anthu. Zimangireni khola lawo. Sesani zitosi pabwalo m'mawa uli wonse, ndipo mwana wokwawa mumuyalire mphasa yoyera. Mwana amene amatola dothi la zitosi n'kuika m'kamwa amatsegula m'mimba kawirikawiri, ndipo zonse zimene dzira linampatsa zimatuluka osamthandiza. Ngati m'nyumba za pa esiteti simuloledwa kuweta, sungitsani nkhuku kwa abale kumudzi, ndipo muzikatenga mazira popita kukacheza.

ZIZINDIKIRO ZOFUNA CHIPATALA

Pali nthawi imene chakudya cha pakhomo sichikwanira. Bwerani ndi mwana msanga, osadikira tsiku la sikelo, mukaona izi:

Mapazi onse awiri atupa, ndipo mukadina ndi chala pamatsala kadzenje.
Tsitsi lafiira, lapyapyala ndipo likuthothoka.
Mwana waonda mpaka nthiti kuonekera.
Akukana kuyamwa kapena kudya, kapena akusanza chiri chonse.
Watentha thupi, wakomoka, kapena wafooka kwambiri.
Akutsegula m'mimba, makamaka ngati muli magazi kapena maso alowa.

Kutupikana sikudza chifukwa chakuti wina pabanja walakwira mwambo. Ndi matenda a kusowa kwa zakudya m'thupi, ndipo amachizika mwana akafika msanga. Pa sikelo timayeza mkono ndi kalamba kamitundu. Kakaonetsa pofiira, ndiye kuti mkonowo sunakwane masentimita 11.5, ndipo mwanayo ayenera kuyamba chithandizo tsiku lomwelo. Akalandira chiponde, chimenecho ndi mankhwala a iye yekha, osagawira abale ake. Ofunika kugonekedwa timawatumiza ku chipatala chachikulu, monga cha boma ku Thyolo kapena cha Malamulo ku Makwasa.

Mwana wodwala asasiyidwe ndi njala. Myamwitseni kawirikawiri, ndipo mpatseni chakudya chofewa pang'onopang'ono. Akachira, muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi. Dzira lofewa mumsuzi ndi loyenera kwambiri nthawi imeneyi.

ZOTI MUKUMBUKIRE

1. Mwana adye chakudya chenicheni m'mawa, osati tiyi.
2. Kuyambira miyezi 6, mwana akhoza kudya dzira lonse, choyera ndi chachikasu chomwe.
3. Dzira lipse mpaka chachikasu chilimbe.
4. Liphikeni ndi matimati, masamba, nsinjiro ndi mafuta pang'ono, ndipo mwana alidyere ndi phala kapena mbatata.
5. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike, mutaswa mazira, ndiponso musanadyetse mwana.
6. Dzira likakhala limodzi, ndi la mwana wamng'ono.
7. Bwerani ku sikelo mwezi uli wonse kufikira mwana atakwanitsa zaka zisanu, kuti alandire katemera, vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iri yonse, ndi mankhwala a njoka za m'mimba akakwanitsa chaka.

Ndikupemphani kuti ali yense ayese kaphikidwe kameneka sabata ino isanathe, ndipo auzeko mnzake wa kuntchito amene sanathe kubwera lero. Mwezi wamawa mudzatiuze chimene chakuvutani, kaya ndi nkhuni, nthawi, ndalama kapena mawu a kunyumba, kuti tidzafune njira pamodzi. Tsopano amene ali ndi funso afunse momasuka, kenaka tisendere pafupi ndi mbaula kuti tiphikire limodzi, ndipo mwana ali yense wopitirira miyezi 6 alaweko.